Makina a IPL ochotsera tsitsi la m'thupi: momwe mungawagwiritsire ntchito osadziotcha

Masiku ano ukatsegula ma status a WhatsApp, pakati pa otsatsa kachewere ndi nsapato za pakaunjika, supita patali osaona wina akutsatsa kachipangizo koyera komwe ukakagunditsa pakhungu kamang'anima. Amati tsitsi la kukhwapa, la m'miyendo ngakhale ndevu za amayi zimatheratu mpaka kalekale. Timakina timeneti timatchedwa IPL (Intense Pulsed Light, kutanthauza kuwala kwamphamvu kong'anima) ndipo timagwiradi ntchito, koma osati pa aliyense. Ambiri mwa ife kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu tili m'gulu lomwe opanga makinawo amalichenjeza m'kabuku ka malangizo, kabuku kamene ogulitsa ambiri sanakatsegulepo.

Kuwala kwa makinawa kumasaka melanin, chinthu chomwe chimadetsa tsitsi. Tsitsi likamwa kuwalako limatentha, kutenthako kumatsikira kumuzu n'kuufooketsa, ndiye tsitsi lotsatira limamera mochedwa, lopyapyala, mwinanso osamera. Tsoka lake n'lakuti melanin yemweyo ndi amene amadetsanso khungu lathu. Mukayanika chitenje chakuda ndi choyera padzuwa, chakuda ndi chimene chimayamba kutentha. Khungu lakuda limamwa kuwala komwe kumayenera kupita kutsitsi, ndipo limapsa.

Choyamba, yang'anani khungu lanu musanatulutse ndalama

Madokotala a khungu amagwiritsa ntchito muyeso womwe Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard anakonza mu 1975. Muyesowu umagawa khungu m'magulu 6, kuyambira loyera mbee lomwe limapsa msanga ndi dzuwa mpaka lakuda bii. Makina a panyumba amachita bwino pa magulu 1 mpaka 4. Ena abwinoko amalola gulu 5, lofiirira moderapo, koma pa mphamvu yochepa. Gulu 6 opanga ambiri amaliletseratu. Pabokosi kapena m'kabuku mumakhala tchati cha mitundu ya khungu. Chiikeni pafupi ndi khungu lanu masana, panja pamthunzi, osati pansi pa babu la m'chipinda. Ngati khungu lanu likufanana ndi mtundu womwe aikapo chizindikiro choletsa, nkhani yathera pomwepo, sungani ndalama zanu. Mchemwali wanga ndi wakuda kuposa ine, ndipo makina omwe ndikugwiritsa ntchito panopa amakaniratu kung'anima pa mwendo wake. Iye amati ndi makina atsankho. Ine ndimati amupulumutsa.

Tsitsi nalo liyenera kukhala lakuda. Imvi sizimva kanthu, chifukwa mulibe melanin.

Kugula

Mayina odziwika ndi monga Philips Lumea ndi Braun Silk-expert Pro, ndipo ndi okwera mtengo zedi, makamaka kwacha ikamavina chonchi. Chomwe mukulipira kwenikweni ndi ka sensa komwe kamayeza mtundu wa khungu makina asanang'anime. Timakina topanda dzina, tolembedwa pabokosi kuti timang'anima ka 999,999, nthawi zambiri tilibe sensa imeneyi. Chomwe timakinati tili nacho ndi sensa yongoona ngati kachipangizoko kakhudza khungu, basi. Ogulitsa ena amasokoneza dala ziwirizi. Mukafunsa amati "ili ndi sensa, mayi, musade nkhawa". Afunseni kuti sensa ya chiyani, ndipo akuonetseni pomwe zalembedwa.

Wina akakuuzani kuti makina ake ndi a khungu la mtundu uliwonse, thawani. Musatumizenso ndalama yonse pa Airtel Money kapena Mpamba katundu musanamuone. Pali ogulitsa ena omwe amaika chithunzi cha makina enieni, koma phukusi likafika pa minibasi mupeza china chake chopepuka, chopanda kabuku, chopanda dzina la kampani. Njira yabwino ndi kutuma m'bale wodalirika yemwe ali ku Joni kapena ku UK kuti akagule m'sitolo n'kusunga lisiti. Za ku UK zimabwera ndi pulagi yofanana ndi yathu, ya mano atatu. Za ku South Africa zimafuna adaputa. Werengani pa chaja ngati palembedwa 100-240V, popeza magetsi athu ndi a 230V, ndipo muzilumikiza kudzera pa surge protector, kachipangizo koteteza katundu magetsi akabwera mwamphamvu. Magetsi akathima muzule msanga, chifukwa pobwera amatha kubwera ndi ukali.

Amene asayandikire n'komwe

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa adikire. Odwala khunyu ayi, chifukwa cha kung'anima kuja. Ngati zipsera zanu zimatupa n'kukula, monga zimachitira kwa ena akaboola makutu, musayese. Ngati mukumwa doxycycline, yemwe amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu, kapena isotretinoin wa ziphuphu, khungu lanu limapsa msanga ndi kuwala, ndiye funsani kaye adokotala.

Palinso nkhani yomwe sitikonda kuikamba poyera, ya mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi hydroquinone kapena mankhwala a steroid omwe amapyapyalitsa khungu. Kuyera kwa mafuta sikukusamutsani gulu. Khungu lotero ndi losalimba kale, ndipo likapsa limachira movutikira.

Kumeta

Metani ndi lezala tsiku lomwe mukugwiritsa ntchito makinawo kapena usiku wa dzulo lake. Osazula, osagwiritsa ntchito wax (phula lozulira tsitsi), chifukwa muzu ukachoka kuwala kulibe chosaka. Sambani, pukutani, osadzola kalikonse, ngakhale pefyumu kapena roll-on. Zimenezi aliyense akudziwa.

Kuyesa kaye pamalo pang'ono, ndipo apa ndiye ndikhalitsepo

Timabuku tonse timanena kuti yesani pakhungu pang'ono kenako mudikire. Chomwe sitinena momveka bwino n'chakuti thupi la munthu mmodzi lili ndi mitundu ingapo ya khungu. Mkati mwa mkono mumayera. Kukhwapa, m'mawondo, m'zigongono ndi m'mphepete mwa ntchafu mumada kwambiri, makamaka kwa ife omwe takhala tikumeta ndi lezala zaka zambiri.

Makina anga oyamba anali aja opanda dzina. Ndinayesa mkati mwa mkono, sipanachitike kanthu, ndinakweza mphamvu, sipanachitikenso kanthu. Ndiye ndi mphamvu yomweyo ndinapita kukhwapa. Kung'anima koyamba kunandibaya mpaka ndinalumpha, ndipo kunamveka fungo la tsitsi lopsa. Wondigulitsa uja anali atandiuza kuti kuwawa ndi chizindikiro choti mankhwala akulowa, ndiye ndinaluma mano n'kupitiriza. Madzulo kukhwapa kunali moto. M'mawa mwake panali timatuza. Titaphwa, panatsala timabokosi takuda tondandalikana bwinobwino, kalikonse kofanana ndendende ndi kagalasi ka kutsogolo kwa makinawo, moti munthu ukanatha kuwerenga kuti ndinadina kangati. Mkono sindinkautsitsa bwino, ndipo kuchapa kapena kusenza ndowa kunali chintchito. Zipserazo zinatenga miyezi kuti zizilale, ndipo bulauzi yopanda manja ndinaiiwala kaye.

Ndiye chitani chonchi. Malo aliwonse omwe mukufuna kuchotsapo tsitsi ayesedwe paokha: mwendo paokha, kukhwapa paokha, chibwano paokha. Yambani ndi mphamvu yotsikitsitsa, dinani kamodzi, sunthani pang'ono, kwezani sitepe imodzi, dinaninso. Mukangomva kuwawa, imani, ndipo mphamvu yanu ndi ya m'munsi mwa imeneyo. Choyenera kumveka ndi kufunda chabe. Kenako dikirani. Timabuku tambiri timati maola 24, koma kwa ife akhungu loderapo ndi bwino kudikira maola 48, chifukwa khungu lathu silifiira msanga kuti likuchenjezeni. Mzungu akapsa amaoneka nthawi yomweyo. Ife timadzaona mawa lake, patatupa kale kapena pada. Poyang'ana musadalire maso okha. Papasani ndi chala, mumve ngati pali potentha, pokhakhala kapena pothina.

Ngati mwapsa, thirani madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena phulusa, ngakhale agogo atalimbikira chotani. Matuza osawaboola. Akakhala aakulu kapena akayamba mafinya, pitani kuchipatala ndipo mukanene chomwe chachitikadi. Ena amachita manyazi n'kunama kuti apsa ndi madzi otentha.

Chinanso cha kwathu kuno. Dedza ndi kozizira, koma ndi kumtunda, ndipo dzuwa la kumapiri limadetsa khungu ngakhale mphepo ikuomba. Ngati mwakhala sabata yonse kudimba kapena mukugulitsa pa Lizulu, mikono ndi miyendo yanu yada kuposa mmene inalili pomwe munkayesa. Dikirani masabata angapo kenako muyesenso. N'chifukwa chake ine ndimati nthawi yabwino yoyambira ndi June ndi July, pomwe tonse timakhala titadziphimba ndi majuzi ndi masokosi.

Kugwiritsa ntchito kwenikweniko

Gunditsani kagalasi kaja pakhungu mosasiya mpata, dinani, sunthani, dinani. Musabwereze pamalo amodzi tsiku lomwelo, ngakhale mtima ukuuzeni kuti kawiri ndiye zifulumira. Pa mwendo n'zosavuta kuiwala pomwe mwadutsa kale, ndiye ine ndimalemba mizere ndi pensulo yoyera ya m'maso. Yoyera, osati yakuda, mwamva kale chifukwa chake. Dumphani timadontho takuda tobadwa nato, mphini, ma tattoo, zilonda, ziphuphu, nsonga za mabere ndi malo obisika enieniwo. Kumaso musapitirire m'masaya kupita kumwamba, ndipo nsidze musaziyandikire. Pong'anima yang'anani kumbali, m'chipinda mukhale mowala, ana akhale panja. Abambo, opanga ambiri amaletsa kugwiritsa ntchito makinawa pa ndevu zanu.

Ndondomeko yake tsatirani ya m'kabuku ka makina anu. A Philips amati kamodzi pa masabata awiri aliwonse poyamba, a Braun amati kamodzi pa sabata kwa masabata 4 mpaka 12. Kubwerezaku n'kofunika chifukwa tsitsi silikula nthawi imodzi, ndipo kuwala kumangogwira lomwe likukula tsiku limenelo. Masabata oyambirira muona ngati mwaponya ndalama m'madzi. Kenako tsitsi limayamba kuthothoka lokha posamba. Likachepa muzingobwereza mwa apo ndi apo, kamodzi pamwezi kapena kuposerapo. Mukasiyiratu, lina limabwerera.

Mukamaliza, tsiku limenelo osasamba madzi otentha kwambiri, osakhula ndi mwala, roll-on adikire mawa. Malo oonekera padzuwa pakani sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) wolembedwa SPF 30 kapena kuposa, kapena ingovalani zazitali. Pukutani kagalasi ndi kansalu kouma, chifukwa titsitsi topserera pamenepo timaotcha ulendo wotsatira.

Kwa akhungu lakuda kwambiri omwe ziphuphu za lezala zawatopetsa, njira yotetezeka ndi laser (mtundu wina wa makina a kuwala) yotchedwa Nd:YAG, ya ma nanomita 1064 (muyeso wa kuwala kwake), yomwe kuwala kwake kumalowa mkati osamwedwa kwambiri ndi khungu la pamwamba. Imeneyo ndi ya akatswiri, si yogula n'kuika m'chikwama, ndipo musanagone pabedi lawo funsani dzina la makina omwe ali nawo. Amayi omwe ndevu zayamba kuchuluka mwadzidzidzi, makamaka ngati msambo ukudumphadumpha, yambani mwaonana ndi adokotala kuti aone za mahomoni, chifukwa pamenepo makina okha sathetsa vutolo.