Kwa aphunzitsi anzanga amene mwangofika ku Joni

Musanayambe kufunafuna ntchito kuno ku Johannesburg, tumizani kaye masatifiketi anu ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro kuno, akawaunike, kenako mulembetse ku SACE, bungwe limene limalembetsa aphunzitsi. Popanda zimenezi simuloledwa kuphunzitsa.

Sukulu kuno imatsegulira mu Januwale, matemu ndi anayi, osati atatu ngati kwathu. Silabasi ya sukulu za boma kuno imatchedwa CAPS, iwerengeni modekha. Chikwapu musachiyerekeze n'komwe, lamulo linachiletsa mu 1996.

Koma chimene chinandithandiza kwambiri ine n'chakuti sabata yoyamba ndinapempha ana kuti andiphunzitse moni wa Chizulu ndi Chisutu. Anasangalala kukhala aphunzitsi anga! Ndikalowa m'mawa n'kunena kuti "Sanibonani", nkhope zimawala, ngakhale kamtsikana kamanyazi kokhala kumbuyo kaja kanayamba kukweza dzanja. Yesani Lolemba likubwerali.