Momwe mungapezere chimene chikutulutsa mafunde a wailesi kuthambo, muli konkuno ku Tete

Telesikopu ya wailesi imamva mafunde ochokera kutali kuthambo, koma siikuuzani chinthu chimene chikuwatulutsa. Zili ngati kumva ng'oma usiku: mbali imene ikuchokera mukuidziwa, mudzi wake ndiye ayi. Ntchito yofufuza mwini mafundewo pa chithunzi cha kuwala wamba mungaigwire muli ku Ulongwe, Moatize kapena Furancungo, chifukwa zimene matelesikopu akuluakulu anayeza kale zili pa intaneti kwaulere. Mukhale ndi kompyuta kapena foni yabwino, kope, ndi kalikuleta yokhala ndi batani la log. Masamu ake ndi a ku sekondale.

Yambani ndi chodziwika kale. Tsegulani Aladin Lite, mapu a thambo a bungwe la CDS la ku Strasbourg, mulembe 3C 273, dzina la gwero lina lodziwika la mafunde a wailesi. Muona kadontho kooneka ngati nyenyezi wamba. Akatswiri sankadziwa bwino malo ake mpaka mu 1962, pamene Cyril Hazard ndi anzake anayeza pa telesikopu ya Parkes ku Australia nthawi imene Mwezi unalitchinga gweroli. Mu 1963 Maarten Schmidt anaunika kuwala kwa kadonthoko napeza redshift (kusunthira kwa kuwala kumbali yofiira, kumene kumasonyeza kutalikira kwa chinthu) ya 0.158, kutanthauza kuti si nyenyezi ya kwathu kuno koma quasar yakutali kwambiri, phata lowala zedi la mlalang'amba wina. Mfundo ndi yomweyo mpaka lero: malo olondola kaye, dzina pambuyo.

Kenako sankhani gwero lanu. Pa VizieR, nkhokwe ya pa intaneti ya makabukhu a zakuthambo, funani kabukhu ka NVSS, mndandanda wa magwero a wailesi. Kafukufukuyu anachitika ndi telesikopu ya VLA ku New Mexico pa mafunde a 1.4 GHz (1400 MHz), ndipo ali ndi magwero pafupifupi 1.8 miliyoni, onse a kumpoto kwa declination (muyezo wa kumpoto ndi kumwera pa thambo) ya madigiri -40. Tengani lowala kuposa 15 mJy (mJy ndi muyezo wa mphamvu ya mafunde), chifukwa malo a gwero lotere amalondola mpaka sekondi imodzi ya ngodya (digiri imodzi ili ndi masekondi 3600), pomwe ofowoka kwambiri amaphonya ndi masekondi ngati 7. Pewani dera la Mlalang'amba wathu, mzere woyera umene umaoneka bwino usiku wa mwezi wa Juni: nyenyezi zimathithikana mmenemo ndipo fumbi limabisa zakumbuyo. Lembani m'kope RA ndi Dec, nambala ziwiri zosonyeza malo a gwerolo pa thambo, ndi mphamvu yake ya mu danga la S1.4.

Onetsetsani kuti malowo ndi a J2000, kutanthauza owerengedwa molingana ndi chaka cha 2000. Makabukhu akale amagwiritsa ntchito B1950, ya chaka cha 1950, ndipo kusiyana kwake kumafika madigiri 0.7, kuposa kukula kwa Mwezi wathunthu. Mukasakaniza ziwirizi mukhala mukuyang'ana kwina kwenikweni.

Tsopano yezani sipekitiramu, momwe mphamvu ya gwero imasinthira pa mafunde osiyanasiyana. Funani malo omwewo mu TGSS, kafukufuku wa telesikopu ya GMRT ya ku India pa 150 MHz, mkati mwa masekondi 20 kapena 30. Gawani mphamvu ya pa 1400 MHz ndi ya pa 150 MHz, mutenge log. Yankholo muligawe ndi log ya 1400 kugawa ndi 150, imene ndi 0.97. Mwachitsanzo, ngati TGSS ikuti 1000 mJy ndipo NVSS ikuti 200 mJy, log ya 0.2 ndi -0.70, ndipo mukagawa ndi 0.97 mupeza -0.72. Nambala imeneyi ndiyo alpha. Ya pakati pa -0.7 ndi -0.8 ndi ya masiku onse: ma electron othamanga kwambiri akuzungulira m'mphamvu ya maginito, nthawi zambiri m'mapiko a mlalang'amba, zigawo ziwiri zotulutsa wailesi mbali ino ndi inayo ya mlalang'ambawo. Ikaposa -0.5 kulowera ku 0, yembekezani phata laling'ono lowala, kawirikawiri quasar. Ikatsika kupyola -1.3, gwerolo likhoza kukhala lokalamba kapena lakutali zedi, ndipo mwina pa chithunzi simuona kanthu.

Apa pali misampha. Excel yoikidwa m'Chipwitikizi imawerenga koma ngati chizindikiro cha desimali, pomwe makabukhuwa amalemba ndi dontho. Mukakopera 213.5 osasintha, pulogalamuyo ikhoza kuitenga ngati mawu kapena kuisandutsa nambala ina. Onaninso kuti mphamvu zonse ziwiri zili mu mJy, chifukwa makabukhu ena amalemba mu Jy, ndipo Jy imodzi ndi 1000 mJy. Olemba ena amatembenuza chizindikiro cha alpha, kotero 0.7 wawo ndi -0.7 wanu. Komanso NVSS inayeza m'zaka za m'ma 1990, TGSS pakati pa 2010 ndi 2012. Ma quasar amasintha kuwala, choncho alpha ya gwero lotero muitenge mosamala.

Ndiye bwererani ku Aladin Lite, muike malo aja pa chithunzi cha kuwala wamba: cha Pan-STARRS ngati ali kumpoto kwa madigiri -30, kapena cha DSS kapena Legacy Surveys ngati ali kumwera. Yang'anani chimene chili mkati mwa masekondi 3 mpaka 5. Chachimbuuzi chozungulira, chofiirira, n'kutheka ndi mlalang'amba waukulu wokalamba. Kadontho kakuthwa kabuluu kakhoza kukhala quasar, koma kafufuzeni kaye mu Gaia, kabukhu ka malo ndi kayendedwe ka nyenyezi: ngati kakusuntha chaka ndi chaka kapena kali ndi parallax yooneka (kuoneka ngati kakusintha malo pamene Dziko likuzungulira Dzuwa), imeneyo ndi nyenyezi yapafupi imene yangogwera pamzere.

Cholakwika chachikulu ndi kuthamangira kadontho kapafupi. Musanasankhe, onani chithunzi cha wailesi chenichenicho. Magwero ambiri amphamvu ali ndi mapiko awiri, ndipo kabukhu kamalemba phiko lililonse ngati gwero palokha, pomwe mwini wake ali pakati, pamene wailesi ikumveka pang'ono. Cygnus A, gwero lina lamphamvu lodziwika, ndi lotero. NVSS imaona mosiyanitsa mpaka masekondi 45 okha, choncho mapiko oyandikana amaphatikizika kukhala chibulumwa chimodzi. Chithunzi cha RACS, kafukufuku wa telesikopu ya wailesi ya ASKAP ya ku Australia, n'chakuthwa kuposa pamenepo ndipo chimathandiza kuwalekanitsa.

Ngati muli ndi magwero ambiri, tinene 50, yesani izi: sunthani malo onse ndi mphindi imodzi ya ngodya (masekondi 60) kulowera kumpoto, kumene kulibe gwero lililonse, mufufuzenso chimodzimodzi. Mukapezabe timadontho m'malo 10, dziwani kuti pafupifupi limodzi mwa asanu mwa mayankho anu oyamba likhoza kukhala longokumanizana. Chepetsani masekondi ofufuzira, mubwereze. Pulogalamu yaulere ya TOPCAT imachita zimenezi mofulumira, ndipo mukatsitsa matebulo kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti, osawononga mamega.

Pomaliza penipeni m'pamene mutsegule SIMBAD ndi NED, nkhokwe za pa intaneti za zinthu zakuthambo zodziwika kale, kuti muone dzina ndi redshift zimene ena anapeza. Mukayamba ndi kumeneko maso anu adzangoona zimene mwauzidwa. M'kope lembani mtunda wa kadontho kuchokera pa malo a wailesi, kabukhu kamene munagwiritsa ntchito, ndi alpha. Pamene simunaone kanthu lembani kuti palibe, mutchule chithunzi chimene munayang'ana, kuti wodzayang'ana ndi chithunzi chozama adziwe poyambira.