Lekani kukoka mtundu mpaka tomato aoneke ngati wapulasitiki

Chaka chino zithunzi zomwe alimi akutumiza pa WhatsApp kuchokera ku Ulongwe, Domwe, Tsangano ndi Furancungo zili ndi vuto limodzi, ndipo likukulirakulira. Munthu akajambula chimanga, mbatata ya kachewere kapena tomato, asanatumize akuyamba wakoka kamzere ka Saturation, kaja kolembedwa Saturação pa mafoni a Chipwitikizi, mpaka kumapeto. Ena sakokanso n'komwe, akungodina fyuluta yomwe yawasangalatsa. Chithunzi chikufika chili mbee, masamba obiriwira ngati apakidwa penti.

Kamzere kameneka sikasankha. Kamakweza mitundu yonse mofanana, wofooka ndi wolimba womwe. Chithunzi cha JPEG, chomwe mafoni ambiri amasunga, chimapangidwa ndi mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo uliwonse uli ndi masitepe 256, kuyambira 0 mpaka 255. Tomato wakupsa wojambulidwa padzuwa amakhala atayandikira kale 255 kumbali ya kufiira. Mukakokanso, malo onse ofiira amakagunda padenga n'kukhala mtundu umodzi. Makwinya a khungu, timing'alu ta pafupi ndi phesi, kusiyana kwa wakupsa ndi wongoyamba kupsa, zonse zimafufutika. Mukasunga chithunzicho n'kufufuta choyamba chija, zomwe zatayika sizibwereranso ngakhale mutsitse kamzereko. Komanso kamera ya foni imakhala itawonjezera kale mtundu payokha musanagwire chilichonse, ndiye inu mukuthira mchere m'ndiwo zothira kale.

Kwa mlangizi, mtundu wa tsamba ndiye umboni. Chimanga chosowa nayitirojeni chimayamba chikasu kumasamba akunsi, kuchokera kunsonga kutsata msana wa tsamba ngati chilembo cha V. Chosowa potaziyamu chimapserera m'mbali mwa tsamba. Chosowa fosifolasi chikadali chaching'ono chimaderako mofiirira. Chiwawu cha mbatata chimayamba ndi timadontho toderako tooneka ngati tanyowa, nthawi zambiri tozunguliridwa ndi mzere wobiriwira motuwa. Zonsezi zimasiyana pang'ono chabe, ndipo ndi pang'ono pomwepo pamene fyuluta imaphwanya. Kutuwa kwa tsamba lanjala kumasanduka kubiriwira kowala, mlangizi n'kuyankha kuti mbewu ili bwino, nthawi yothira yureya n'kudutsa. Penanso chikasu chochepa cha tsamba lokalamba chimakula n'kuoneka ngati matenda, munthu n'kutaya mametikali pa mankhwala osafunika.

Mayi wina wa ku Tsangano anali ndi matumba a kachewere wabwino ndithu. Mwana wake anawajambulira pansi pa lona wabuluu, ndipo poona kuti mbatata ikuoneka yotuwa, anakoka mtundu kuti iwale. Buluu wa lona uja atasakanikirana ndi chikasu cha khungu, mbatata inatuluka yobiriwirako. Wogula wa ku Moatize ataona anati, “Mayi, iyi yawombedwa ndi dzuwa, anthu sagula yobiriwira,” n'kukatenga kwa wina. Wogulayo sanalakwe, chifukwa kachewere wobiriwira amawawa ndipo amakhala ndi poizoni. Chomwe chinalakwika ndi kuwala kwa pansi pa lona, ndipo mwanayo m'malo mokuchotsa anakuwonjezera mphamvu.

Apa ndiye pamene pakutopetsa, chifukwa nkhaniyi yanenedwa kangapo. Chithunzi chikaoneka chofooka, kawirikawiri sikuti mtundu wachepa, koma kuti kuwala kwapendekera mbali imodzi. Pa muyeso wa mtundu wa kuwala wotchedwa Kelvin (K), dzuwa la masana limakhala pafupifupi 5500 K. Mthunzi wa pansi pa thambo loyera umapitirira 7000 K, ndiye umakokera kubuluu. Babu lachikasu la m'nyumba lili cha m'ma 2700 K. Pansi pa mtengo wa mango chilichonse chimatenga ubiriwiri wa masamba. Maso athu amazolowera msanga osazindikira, kamera siitero nthawi zonse. Koma anthu agwiritsitsa chizolowezi choti chowala ndiye chabwino, ngati tikusankha chitenje pamsika. Alimi a fodya, inu amene mumadziwa kuti mtengo wa tsamba la bale umatsata mtundu wake, mukuyeneranso kukumbutsidwa zimenezi? Pa zithunzi za anthu n'chimodzimodzi: khungu lakuda likakwezedwa mtundu limapita ku olenji, mkwatibwi n'kuoneka ngati wadzola dothi lakatondo.

Chochita n'chachifupi. Pukutani diso la kamera ndi nsalu yofewa, thukuta la m'thumba ndilo limatuwitsa zithunzi zambiri. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, kapena pamthunzi wa khoma loyera, osati pansi pa lona. Ikani pepala loyera pambali pa mbewuyo. Mu Snapseed, pulogalamu ya pafoni yokonzera zithunzi, tsegulani White Balance, tengani kachizindikiro kotapira mtundu n'kukaika papepalalo, mitundu yonse iwongoka nthawi imodzi. Kenako mu Tune Image tsitsani Highlights ngati pali malo oyera mbuu, kwezani Shadows pang'ono kuti malo amdima aoneke. Mukafika apa mupeza kuti zithunzi zambiri sizifunanso kanthu.

Ngati chikadali chofooka, mu Lightroom, pulogalamu inanso yokonzera zithunzi, gwirani Vibrance, chifukwa imakweza kwambiri mitundu yofooka n'kusamala yolimba kale komanso khungu la munthu. Imani pakati pa +10 ndi +20. Saturation isapitirire +10 pa kamzere kofika +100. Mtundu umodzi ukavuta, konzani wokhawo mu Color Mix, musakoke chithunzi chonse. Musanayambe zimitsani chotetezera maso chija chimachititsa sikirini chikasu usiku, ndipo pa Samsung sinthani Screen mode kuchoka pa Vivid kupita pa Natural. Dinani chithunzi osachotsa chala kuti muone choyamba, kenako gwirizitsani foni ndi tomato weniweniyo m'manja. Zikasiyana, bwererani m'mbuyo.

Chithunzi chopita kwa mlangizi chokha musachikonze ngakhale pang'ono. Jambulani tsamba pamwamba ndi kunsi, chomera chonse ndi mzere wa m'munda, mutumize ngati Document kuti WhatsApp isachifinye.