Kusintha babu la kumbuyo kwa minibasi

Mwafunsa, achimwene, kuti nyali ya mabuleki ya minibasi yanu yasiya kuyaka, ndiye mungachotse bwanji galasi lofiira lija osaliswa.

Yambani mwazimitsa injini ndi nyali zonse. Tsegulani chitseko cha kumbuyo, m'mbali mwa nyaliyo mupeza masikuluwu, kawirikawiri awiri. Amasuleni n'kuwasunga m'thumba. Kenako kokani nyali yonse pang'onopang'ono, chifukwa mbali inayo imagwidwa ndi timapini tapulasitiki tosachedwa kuthyoka, makamaka m'mawa kukazizira monga kumachitira kuno ku Dedza. Ikakana, igwedezeni ndi manja awiri. Osaikanula ndi sikuludiraiva.

Kuseri kwake, potokolerani chogwirira babu kumanzere. Babu la timapini m'mbali mumalikanikiza kaye n'kulipotokola, pomwe lagalasi lokhalokha mumangolizula.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Pa galimoto zambiri babu limeneli ndi la 12V, 21/5W, ndipo m'kati mwake muli timawaya tiwiri: ka 5W ka nyali ya usiku, ka 21W ka mabuleki. Kamodzi katha kupsa kena kakuyakabe. Pitani ndi lakalelo kushopu akupatseni lofanana nalo. Pogwirira babu pakachita dzimbiri, palani ndi sandipepala.

Musanamange, wina aponde buleki inu mukuyang'ana. Likapanda kuyaka, onani fyuzi. Bwezerani bwino labala wotchinga madzi, ndipo masikuluwu musamange mopyola, galasi lingang'aluke.

Chonde konzani lero lomwe. Chifunga chikagwa pa M1 cha ku Bembeke, wobwera pambuyo panu sadziwa kuti mwaima.