Nkhondo ya ufulu wa America: zofunika kwa Mmalawi amene akukonzekera mayeso a unzika

Mukapereka fomu ya N-400 yopempha unzika wa America, pa tsiku la intavyu ofisala wa USCIS, nthambi ya boma la America yoona za unzika ndi olowa m'dzikolo, adzakufunsani mafunso a mbiri ya dzikolo ndi kayendetsedwe ka boma. Amafunsa pakamwa, inunso mumayankha pakamwa, popanda pepala loti musankhepo yankho. Angapo mwa mafunsowa ndi okhudza nkhondo imene anthu a m'madera 13 anamenya kuyambira 1775 mpaka 1783 pofuna kuchoka m'manja mwa Britain.

Musanatsegule buku lililonse, onani tsiku limene fomu yanu inalowa. Ngati inalowa isanafike 20 Okotobala 2025, mukuwerenga mafunso 100 akale aja: ofisala afunsa osapitirira 10, inu mukhoze 6. Ngati inalowa pa tsikulo kapena pambuyo pake, mafunso ndi 128, afunsa mpaka 20 ndipo muyenera kukhoza 12. Amaleka mukangokwanitsa 12 kapena mukalakwa 9. Buku lobwereka kwa m'bale amene analumbira kale zaka zapitazo likhoza kukusiyani panjira, chifukwa mndandanda watsopano uli ndi mafunso a nkhondoyi amene m'wakale munalibe. Tengani mndandanda pa webusaiti ya USCIS yeniyeniyo, ndi waulere.

Kuloweza mayankho okhaokha kumagwira pabalaza, koma pamaso pa ofisala mtima ukamagunda mayina ndi zaka zimasakanikirana. Wodziwa mmene nkhaniyo inayendera amatha kudzitola akasokonezeka.

Chinayambitsa mkangano

Amene anaukira Britain sanali eni nthaka monga zinalili ku Nyasaland. Ambiri anali ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Britain komweko, odziona ngati nzika za mfumu George III. Britain itapambana nkhondo yolimbana ndi France mu 1763 inatsala ndi ngongole yaikulu, ndipo nyumba ya malamulo ya ku London inati a ku America athandize kubweza. Mu 1765 kunabwera Stamp Act, msonkho wa pa nyuzipepala, zikalata za kukhoti ngakhale makadi osewerera. Mu 1767 kunabwera Townshend Acts, msonkho wa pa galasi, penti, mapepala ndi tiyi. Chowawa sichinali kukula kwa msonkho kokha. Okhometsedwawo analibe phungu ngakhale mmodzi m'nyumba imene inkakhazikitsa misonkhoyo. Mawu oti "taxation without representation" amachokera pamenepa, ndipo ndi yankho lokwanira mukafunsidwa chifukwa chimodzi chimene anakanira ulamuliro wa Britain.

Pa 5 Malichi 1770 asilikali a Britain anawombera gulu la anthu ku Boston n'kupha 5, mmodzi mwa iwo ndi Crispus Attucks, wa magazi a Chiafirika ndi a eni nthaka a ku America. Pa 16 Disembala 1773 anthu a mumzindawo anakwera zombo padoko n'kuponyera m'madzi mabokosi 342 a tiyi. London inayankha mu 1774 potseka doko la Boston ndi kulanda Massachusetts mphamvu zodziyendetsera zinthu. Pa mndandanda watsopano, Boston Massacre (kuwombera kwa 1770 kuja), Boston Tea Party (kutaya tiyi kuja), Stamp Act ndi Intolerable Acts (malamulo a 1774 aja) onse ndi mayankho olandiridwa a funso lomwelo. Sankhani limodzi limene lilime lanu silivutika nalo, mulikakamire.

Palinso yankho loti asilikali a Britain ankakhala m'nyumba za anthu. Lamulo lenilenilo la malo ogona asilikali, la 1765, linkanena za nyumba za asilikali, nyumba za alendo ndi nyumba zopanda anthu, koma musakatsutsane ndi ofisala pa zimenezi. Nenani monga zalembedwera pa mndandanda.

Mmene nkhondo inayendera

Mfuti yoyamba inalira pa 19 Epulo 1775. Asilikali a Britain pafupifupi 700 ananyamuka ku Boston usiku kukalanda zida zimene anthu anabisa ku Concord. Pa Lexington anapha anthu 8, koma pobwerera alimi okhala ndi mfuti anawawombera kuchokera kuseri kwa mipanda yamiyala ndi mitengo njira yonse. Onani chaka: 1775, kudakali chaka ndi miyezi kuti ufulu ulengezedwe. Mu Juni chaka chomwecho msonkhano wa nthumwi za madera ku Philadelphia unasankha George Washington wa ku Virginia kukhala mkulu wa asilikali. Pa 17 Juni kunachitika nkhondo ya Bunker Hill. A Britain analanda phirilo ataliukira katatu, a ku America atatha onga, koma asilikali a Britain oposa 1,000 anafa kapena kuvulala.

Chikalata cholengeza ufulu, Declaration of Independence, anachilemba ndi Thomas Jefferson. Nthumwi zinavotera ufulu pa 2 Julaye 1776, zinavomereza chikalatacho pa 4 Julaye, ndipo ambiri anasayina pa 2 Ogasiti. Yankho la mayeso ndi limodzi basi: "July 4, 1776". Ife Amalawi tili ndi msampha wathu pano, chifukwa pakamwa pathu panazolowera 6 Julaye 1964. Masiku awiriwa ndi oyandikana, onse ndi a ufulu wochoka kwa Britain, ndiye lilime limatsetsereka mosavuta. Kumbukiraninso kuti ku America amayamba ndi mwezi polemba tsiku: 7/4/1776 ndi 4 Julaye, osati 7 Epulo.

Chikalata sichinapambanitse nkhondo. Mu Ogasiti 1776 Washington anagonja ku Long Island, New York inagwa, ndipo anathawa kudutsa New Jersey ndi gulu limene linkangochepa. Asilikali ambiri nthawi imene anagwirizana kutumikira inali kutha pa 31 Disembala. N'chifukwa chake usiku wa Khirisimasi anawoloka mtsinje wa Delaware, madzi ali ndi zibuma za ayezi, ndi amuna pafupifupi 2,400, ndipo m'mawa wa 26 Disembala anagwira ku Trenton asilikali achijeremani pafupifupi 900 amene Britain inawalemba ganyu. Inali nkhondo yaing'ono, koma inapangitsa ena kuwonjezera nthawi yawo m'malo mobwerera kumudzi.

Saratoga ndi pamene zinthu zinatembenuka. Mkulu wa asilikali a Britain John Burgoyne anatsika kuchokera ku Canada kulowera ku Albany, n'cholinga chodula New England, madera a kumpoto chakum'mawa, kuti isathandizane ndi madera ena. Mnzake William Howe, m'malo mokwera kukakumana naye, anapita kukalanda Philadelphia. Burgoyne anatsala yekha m'nkhalango, chakudya chikutha, ndipo pa 17 Okotobala 1777 anadzipereka ndi asilikali pafupifupi 6,000. France, imene inkathandiza mobisa, inaona kuti anthuwa angathe kupambana, ndipo pa 6 Febuluwale 1778 inasayina pangano. Amene anayendetsa zokambiranazo ku Paris anali Benjamin Franklin. Funso la Franklin likabwera, kunena kuti anali kazembe wa America ndi yankho lachidule ndipo tsopano mukudziwa chimene anakachita.

Valley Forge sinali nkhondo ayi. Anali malo amene asilikali pafupifupi 12,000 anakhalako nthawi yozizira kuyambira Disembala 1777 mpaka Juni 1778. Pafupifupi 2,000 anafa, makamaka ndi matenda monga kamwazi ndi tayifodi, ena akuyenda opanda nsapato. Komweko Friedrich von Steuben wa ku Prussia anawaphunzitsa kuguba, kuwombera mogwirizana ndi kugwiritsa ntchito mpeni wa pamfuti.

Mapeto anali ku Yorktown, ku Virginia. Mkulu wa asilikali a Britain Charles Cornwallis anamanga msasa m'mbali mwa madzi akudalira kuti zombo za kwawo zimubweretsera thandizo. Pa 5 Seputembala 1781 zombo za France pansi pa de Grasse zinabweza zombo za Britain pakhomo la Chesapeake, ndipo Washington ndi Rochambeau, mkulu wa asilikali a France, anamuzinga Cornwallis kumtunda. Pa 19 Okotobala 1781 anadzipereka ndi asilikali oposa 7,000. Britain inavomereza ufulu wa America mu pangano la ku Paris la pa 3 Seputembala 1783.

Mndandanda watsopano uli ndi funso loti mutchule chochitika chimodzi chachikulu cha nkhondoyi. Bunker Hill, Trenton, Saratoga, Valley Forge, Yorktown, ngakhale Declaration of Independence, zonse zimalandiridwa. Dzina la nkhondoyo ndi "the American Revolution" kapena "the Revolutionary War".

Pamene anthu amapunthwa

Madera 13 oyambirira ndi awa: New Hampshire, Massachusetts, Rhode Island, Connecticut, New York, New Jersey, Pennsylvania, Delaware, Maryland, Virginia, North Carolina, South Carolina ndi Georgia. Mayeso akale amafuna atatu, atsopano amafuna asanu. Onse ali kugombe la kum'mawa, koma si dera lililonse la kum'mawa limene lilimo. Vermont inalowa mu 1791, Maine inali mbali ya Massachusetts mpaka 1820, West Virginia ndi ya 1863, ndipo Florida sinaukire nawo. A ku Indiana ndi ku Texas musatchule kwanu. Njira yosavuta ndi kutenga ma "New" atatu ndi ma Carolina awiri, asanu akwana. Mizere 13 ya pa mbendera imaimira madera omwewa.

Musasokoneze chikalata cha ufulu ndi malamulo aakulu a dziko. Constitution inalembedwa mu 1787, nkhondo itatha kale, ndipo Washington anakhala pulezidenti woyamba mu 1789. Mukafunsidwa nkhondo ya m'zaka za m'ma 1800, iyi si yankho. Nenani War of 1812 kapena Civil War.

Nkhani ya anthu akuda pa nkhondoyi ofisala safunsa, koma ana akabwera nayo kusukulu muzidziwa kuti anamenya mbali zonse ziwiri. Mu Novembala 1775 bwanamkubwa wa Virginia, Lord Dunmore, analonjeza ufulu kwa akapolo a oukirawo amene angathawe n'kumenyera mfumu. Mu 1783 pafupifupi 3,000 anachoka ku New York kupita ku Nova Scotia, ndipo mu 1792 pafupifupi 1,200 anawoloka nyanja kukayambitsa Freetown ku Sierra Leone.

A ku Britain nkhani yomweyi imapezeka mu mayeso a Life in the UK: mafunso 24 pa kompyuta, mphindi 45, mukhoze 18. Kumeneko gwirani 1776, madera 13 ndi 1783. Ngati munakhalako ku Britain musanasamukire ku America, samalani ndi Bill of Rights, chikalata cha maufulu a anthu. Ya ku England ndi ya 1689, ya ku America ndi ya 1791.

Kwa makolo achikulire lamulo lili ndi mpata. Amene ali ndi zaka 50 ndipo akhala ndi green card zaka 20, kapena zaka 55 ndi green card ya zaka 15, sayesedwa Chingerezi ndipo angathe kuyankha mafunso a mbiri m'Chichewa. Womasulira amabwera naye okha, ndipo azidziwa bwino zilankhulo zonse ziwiri. Muyeserere naye kunyumba, chifukwa mayina monga Saratoga ndi Jefferson samasuliridwa, amatchulidwa monga alili. A zaka 65 okhala ndi green card zaka 20 amawerenga mafunso 20 okha oikidwa nyenyezi, amafunsidwa 10, akhoze 6.

Poyeserera, wina azikufunsani mokweza, mosakaniza dongosolo la mafunso, makamaka munthu wolankhula Chingerezi cha ku America, chifukwa khutu lozolowera katchulidwe ka kwathu limatha kuphonya funso limene yankho lake mukulidziwa. Ngati simunamve, pemphani ofisala abwereze, n'kololedwa. Mukalephera, amakuitananinso pakati pa masiku 60 ndi 90, ndipo mumabwereza gawo lokhalo limene munalephera. Mukalepheranso kachiwiri pempho limakanidwa.