Kukoka za lero zokha mu Firestore: mmene ndimachitira kuno ku Limbuli

Ndimasunga mabuku a kagulu ka alimi a tiyi ang'onoang'ono kuno ku Limbuli, m'boma la Mulanje. Makalaliki athu akayeza masamba pa sikelo amalemba makilo m'foni, ndipo zonse zimakagwera mu Firestore, database (nkhokwe yosungira zolembedwa) ya Google ya pa intaneti. Madzulo aliwonse wapampando amafunsa chinthu chimodzi: lero kwalowa makilo angati? Poyamba ndinkakoka zonse kuyambira Disembala n'kumasankha ndekha za tsikulo. Musachite zimenezo. Firestore imawerenga document iliyonse (cholembedwa chimodzi, monga muyezo umodzi wa pa sikelo) imene mwatsegula, ndipo zaulere ndi 50,000 patsiku. Nyengo ya mvula, tiyi akaphukira kwambiri, mukatsegula kangapo zatha, bandulo nayo yapita.

Yambani ndi polemba. Firestore sikulolani kusaka ndi nthawi yake yamkati yomwe document inapangidwira, choncho ikani field yanuyanu, kutanthauza kagawo ka m'document kokhala ndi dzina lake:

createdAt: serverTimestamp()

Nthawi imeneyi amaidinda ndi server (kompyuta ya Google yolandira uthengawo), osati foni. Tikudalirabe wotchi ya foni, kalaliki wathu wina foni yake itazima kwa masiku awiri, wotchi inabwerera m'mbuyo, makilo a amayi 30 n'kukabisala m'chaka china. Komanso musalembe deti ngati mawu, monga "9/2/2025", chifukwa makina adzaika "10/2/2025" patsogolo pake.

Kufunsa kwake ndi uku:

query(collection(db, "sikelo"), where("createdAt", ">=", chiyambi), orderBy("createdAt", "desc"), limit(200))

Kutanthauza kuti: ndipatse zonse zolowa kuyambira pa chiyambi (nthawi imene tsiku la lero layambira), zatsopano zikhale pamwamba, zisapitirire 200. Mukafuna zotsatira, perekani document yomaliza ku startAfter().

Pamene pagona nkhani ndi pa chiyambipo. Nthawi mu Firestore imasungidwa mu UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo, pomwe ife ku Malawi tili patsogolo ndi maola 2. Tsiku lathu limayamba 22:00 UTC dzulo lake. Pulogalamu ikamayenda m'foni yokhala ndi nthawi ya kuno palibe vuto, koma lipoti langa limayenda pa Cloud Functions, makompyuta a Google oyendetsa mapulogalamu pa intaneti, kumene wotchi ndi ya UTC. Ndinkati pakati pa usiku, iyo n'kumva 2 koloko ya m'bandakucha. Mwina muganiza kuti nthawi imeneyo palibe amene amayeza tiyi. Zoona, koma kumidzi ya m'tsinde mwa phiri netiweki imabwera pamene yafunira, nthawi zambiri usiku anthu atagona, ndipo m'pamene mafoni amatumiza zomwe anasunga masana. Zolowa 12 koloko mpaka 2 koloko zinkagwera m'lipoti la dzulo lomwe ndinali nditapereka kale. Agogo ena anabwera ndi kapepala ka sikelo m'manja, konyowa ndi mvula, akuti: "Mwanawe, makilo anga 18 ali kuti?" Ndinachita manyazi kwambiri. Tsopano chiyambicho ndimachilemba motere:

new Date("2025-02-10T00:00:00+02:00")

Ka +02:00 kameneko musakaiwale.

Nkhani ya netiwekiyi inandiphunzitsanso kuti serverTimestamp() imanena nthawi yomwe uthenga wafika, osati yomwe masamba anakwera pa sikelo. Ndiye ndimasunga ma field awiri. createdAt ndi woonera zimene zangolowa kumene, pomwe tsikuLoyeza, lomwe kalaliki amatsimikiza yekha, ndi lowerengera malipiro. Ndalama ya mlimi isadalire tsiku limene netiweki yabwerera.

Mukawonjezera sefa ina, monga where("malo", "==", "Muloza"), Firestore idzakana n'kunena kuti pakufunika index, ndandanda yoithandiza kusaka. Musadandaule, mu uthenga womwewo muli link. Idinani, dikirani mphindi zochepa, muyeserenso.

Ngati munayamba kale kulemba musanaike createdAt, dziwani kuti orderBy imadumpha mwakachetechete document iliyonse yopanda field imeneyo. Sichenjeza ayi. Ine ndinadutsamo m'zakale zonse ndi kapulogalamu kakang'ono, n'kuika deti kuchokera m'kaundula wa pepala, kenako ndinafananitsa makilo a sabata imodzi ndi a m'bukulo mpaka anagwirizana.