Mwana wa Fomu 1 lero ndi wovota wa 2030, tiyambe naye panopa

Anzanga amene mumayendetsa makalabu a achinyamata, aphunzitsi, akumipingo ndi kumizikiti komanso inu makolo, chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chitangodutsa ambiri tinapinda manja kuti basi za mavoti tidzaziona 2030. Ine ndimayenda m'makalabu a mu Lilongwe ku Area 25, Mtandire, Chinsapo ndi Kawale ndipo ndikuuzeni apa ndi pomwe timaphonya. Mlimi sayamba kusosa mvula itagwa kale. Kamwana ka zaka 13 kapena 14 komwe mukukatuma tomato pamsika lero, pofika 2030 kadzakhala katakwana 18, ndipo voti yake idzalemera chimodzimodzi ndi ya bwana wa ku Area 43. M'mera mpoyamba.

Yambani ndi ID. Chiphaso cha unzika a NRB, bungwe la boma lolembetsa nzika, amapereka munthu akakwana zaka 16, osati 18 ngati mmene ana ambiri amaganizira, ndiye pali zaka ziwiri zathunthu zoti mwana akhale nacho nthawi yovota isanafike. Pa kalembera wa 2024 ndinaona ndi maso angawa anyamata a kalabu yathu ina akufika pasenta alibe ID, wina kapepala koti analembetsa kanachapidwa limodzi ndi thalauza, wina dzina la pa satifiketi ya kusukulu ndi la pa ID likusiyana, onsewa kuyamba kuthamangathamanga masiku atatha. Zinandipweteka mtima chifukwa anali ana oti nkhani za dziko amazitsata kuposa akuluakulu ena. Ndiye chonde khalani ndi kope mukalabu, lembani dzina la mwana aliyense ndi tsiku lobadwa, akangokwana 16 muuzeni apite kukajambulitsa, ngati akuchita manyazi mperekezeni. Awonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa molondola asanachoke pamzere.

Kenako auzeni momveka kuti kukhala ndi ID sikulembetsa mavoti ayi, izi ndi ziwiri zosiyana. Kalembera wa mavoti amapangitsa ndi a MEC, bungwe loyendetsa zisankho, pa nthawi yake, ndipo umavota komwe unalembetsa. Nkhani imeneyi imagwira kwambiri ana a sukulu ndi omwe amachita lendi, walembetsa ku Biwi kenako banja lasamukira ku Area 49, tsiku lovota dzina kulibe. MEC imatsegula nthawi yosamutsa dzina komanso yoti munthu akaone ngati dzina lake lili mkaundula, masiku amenewo asamawadutse.

Koma chomwe ndaona kuti chimagwira ntchito kuposa kulankhula ndi kupangitsa chisankho chenicheni mukalabu momwemo kapena mkalasi. Musamasankhe tcheya kapena mapulifekiti pokweza manja, kukweza manja mwana amangoyang'ana komwe mnzake wakweza. Pezani katoni ya sopo pa okala, boolani pamwamba, muwonetse aliyense kuti mkati mulibe kanthu musanamate. Dulani mapepala a mkope, lembani mayina a opikisana ndi kabokosi pambali pa dzina lililonse. Tchingani pakona ndi chitenje wamba kuti munthu achonge ali yekha, ndipo akaponya mupakeni inki ya bolopeni pachala. Apa ndi pomwe mudzadabwe, ena achonga anthu awiri, ena alemba dzina lawo, ena alemba "uyu ndi wakuba" pa yemwe sakumufuna, ndiye mapepala amenewo ayikeni padera muwaonetse onse kuti awa ndi mavoti owonongeka, munthu wadzuka m'mawa waima pamzere padzuwa koma voti yake sinathandize aliyense. Mwana amene walakwitsa pa katoni ya sopo sadzalakwitsanso pa bokosi la MEC.

Kuwerenga kuchitike pomwepo aliyense akuona, wopikisana aliyense akhale ndi monitala wake, zotsatira zilembedwe papepala mamonitala asayine. Wina akalakwitsa nambala osafufuta mobisa, adule mzere umodzi onse aone. Mukafika pamenepa akambireni za 2019, kuti chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi chaka chimenecho khoti linachithetsa pa 3 Febuluwale 2020, ndipo mwa zifukwa zake panali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, anthu nkudzavotanso pa 23 Juni 2020. Ana amene tikuwaphunzitsa panowa nthawi imeneyo anali ku Sitandade 2 kapena 3, amangokumbukira utsi wa tiyagasi mtauni koma chomwe chimavuta sachidziwa.

Za 50+1, lamulo la kapambanidwe ka pulezidenti, musafotokoze ndi pakamwa pokha, muwerengetse. Ngati mukalabu muli anthu 40, opikisana atatu apeza 18, 14 ndi 8, afunseni wapambana ndani. Onse ayankha kuti wa 18. Auzeni kuti pa mpando wa phungu ndi khansala zoona wapambana, koma pa upulezidenti ayi chifukwa amafunika kupitirira theka, apa ndiye 21, ndiye awiri apamwambawo abwerezanso. Bwerezani ndithu tsiku lomwelo aone mmene anthu 8 aja akhalira ofunika.

Nanga mapepala atatu omwe timapatsidwa povota tanthauzo lake ndi chani? Kuyambira 2014 timavotera pulezidenti, phungu ndi khansala tsiku limodzi, ndipo mu 2025 madera a aphungu anali 229. Achinyamata ambiri pepala la khansala amangochonga poti lili m'manja, chonsecho ngalande yotsekeka ija imene imadzaza madzi m'nyumba mvula ikagwa, zinyalala zowunjikana pamsika, malo ogulitsira malonda, zonsezi ndi za khonsolo ya mzinda, ndipo meya wa Lilongwe amasankhidwa ndi makhansala omwewo. Phungu ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kufunsa boma mafunso ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre. Kugula bokosi la maliro si ntchito yake, ngakhale tinazolowera kumuyeza ndi zimenezo. Ndimawauzanso kuti gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino lomwe linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe linachotsedwa mu 1995, ndiye amene wamuchonga ukhala naye zaka zisanu.

Nkhani ya ndalama za pakampeni musaizembe, ndipo musawanyoze ana amene analandirapo. Mnyamata wa kabaza amene wayenda tsiku lonse osapeza ya ufa, wina akamupatsa kenvulopu ndi tisheti kuti akwere lole akadzaze msonkhano, sikuti ndi wopusa, ndi njala. Koma adziwe kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, komanso kuti mchipinda chovotera amakhala yekha, palibe kamera kapena kompyuta imene imauza munthu wandale kuti wachonga ndani, ngakhale ena amawopseza choncho. Ine ndimawatengera ku masamu, ndalama walandirayo igawe ndi miyezi 60 ya zaka zisanu, ikukwana chani pamwezi? Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi anyamata omwe amapentedwa thupi lonse, kupatsidwa mowa kuti akagende anzawo a chipani china, akamangidwa yemwe anawatuma foni sayankha, amayi awo ndi omwe amanyamula nsima kupita nayo kupolisi.

Pa WhatsApp ndi Facebook pokha aphunzitseni kufunsa kuti uthengawu wachokera kwa ndani asanautumize kwa ena. Zotsatira zovomerezeka amalengeza ndi a MEC, ndipo lamulo limawapatsa masiku 8 pa za pulezidenti, nchifukwa chake za 2025 zinalengezedwa pa 24 Seputembala ku malo a misonkhano a BICC mu Lilongwe.

Inu ophunzitsa, chipani chanu chisiyeni kunyumba. Tsiku lomwe ana adzazindikire kuti mukuwakokera mbali ina, makolo awo awaletsa kubwera ndipo kalabu yathera pomwepo. Atsikana asamangokhala olemba mayina ndi ogawa mapepala, aimenso pa mipando, ndipo nthawi ya msonkhano ikhale yoti afike kunyumba kusanade. Mukafuna mabuku kapena munthu wodzakuthandizani, a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za demokalase ndi zisankho, ali ndi ofesi m'maboma ndipo ntchito yawo ndi yomweyi.

China chomwe sichifuna ndalama, itanani agogo kapena amalume a mdera lanu amene anavota pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, nyali kuyimira matipate, tambala wakuda kuyimira chipani chimodzi. Anthu amenewa akadalipo ambiri, ena mumapemphera nawo limodzi. Ife tinaitana mayi wina wogulitsa makala, anafotokoza mmene ankaopera kutchula za ndale ngakhale m'nyumba mwake momwe, mmene khadi la chipani linkafunikira polowa mumsika ndi pokwera basi, komanso mmene dzanja linkanjenjemera tsiku lovotalo. Ana anakhala chete mpaka anamaliza, atatha mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera kudzandifunsa kuti ku ofesi ya ma ID amatsegula nthawi yanji, ndipo Lolemba lake tinapita limodzi ndi anzake anayi.